Kumanga Nyumba Yozizira Osatha Mitengo

Phunziro la anthu a ku Ngabu ndi a m'chigwa chonse cha Shire

Inu amene mukuwerenga kabuku aka, takumbukirani usiku wa mwezi wa Okutobala. Mwadya nsima, mwatopa, mukufuna kugona. Mwalowa m'nyumba, koma m'nyumbamo muli ngati mu uvuni. Malata akadali otentha. Khoma nalo likutulutsa moto. Mwana akulira, thukuta lili kamukamu. Mapeto ake mutenga mphasa ndi kukayala pabwalo. Kumeneko udzudzu ukukudikirani. Pakapita sabata ziwiri, mwana uja wadwala malungo.

Kodi zimenezi n'zachilendo kwa inu? Ayi ndithu. Ambiri a ife timangoti, "Ndi mmene kulili kwathu kuno, nanga titani?" N'zoona, dzuwa sitingalizimitse. Koma kutentha kwa m'nyumba sikuchokera ku dzuwa lokha. Kumachokeranso ku mamangidwe athu. Nyumba ziwiri zikhoza kuyandikana m'mudzi umodzi, ina yosagoneka, ina yozizira bwino.

Phunziro lino likuthandizani pa zinthu zitatu. Choyamba, kumanga nyumba yosatentha kwambiri. Chachiwiri, kumanga popanda kugwetsa mitengo yootchera njerwa. Chachitatu, kumanga nyumba yoti madzi ndi mphepo zisaigwetse msanga. Werengani pang'onopang'ono. Pamene simunamve, bwerezani, kapena funsani anzanu a m'kalasi.

1. Chifukwa chiyani kwathu kuno kumatentha chonchi?

Ngabu ali pansi kwambiri. Malo ano ali pa mamita pafupifupi 100 okha kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Blantyre ali pa mamita oposa 1,000. Mukakwera basi, kudutsa pa Nchalo, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu ndi kuyamba kukwera mapiri kuchokera pa Thabwa, mumamva mphepo ikusintha. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Ife tili m'chigwa, ndiye kutentha ndi kwathu.

Pa Ngabu pali malo a boma oyezera nyengo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 kawirikawiri. Kumayambiriro kwa Novembala dzuwa la masana limaima paliwombo penipeni. Mukaima pabwalo nthawi imeneyo, chithunzithunzi chanu chimangokhala pa mapazi.

Tsono dziwani njira zitatu zimene dzuwa limalowera m'nyumba. M'mawa limaomba khoma la kum'mawa. Masana limaotcha denga. Madzulo limaomba khoma la kumadzulo, ndipo limeneli ndilo dzuwa loipa kwambiri, chifukwa limasiya khoma lili lotentha pamene inu mukufuna kugona. Amene watseka njira zitatuzi wapambana.

2. Njerwa zootcha ndi mitengo yathu

Aliyense amafuna nyumba ya njerwa zootcha. Palibe cholakwa kufuna nyumba yolimba. Koma taimani pafupi ndi uvuni wa njerwa, muwerenge zipika zimene zaunjikidwa pamenepo. Uvuni sufuna tinkhuni ta ana. Umafuna mitengo ikuluikulu, monga tsanya ndi mtondo, yoti iyake usana ndi usiku. Mtengo umene unakula zaka makumi ambiri umatha m'masiku awiri kapena atatu. Kuwonjezera apo, si njerwa zonse zimene zimapsa bwino. Za m'mbali zimatsala zaziwisi, zina zimasweka. Nkhuni zapita, njerwa zataika.

Palinso nkhuti. Pamene takumba dothi la njerwa pamatsala dzenje. Mvula ikagwa, m'dzenjemo mumadzaza madzi. Udzudzu umaswana mmenemo, ndipo ana aang'ono akhoza kugweramo.

Mitengo ikatha m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje, madzi amvula salowanso pansi. Amathamanga, akukokolola dothi ndi mchenga, ndi kukakwirira mitsinje monga Mwanza, Ruo ndi Shire. Mtsinje wokwiririka susunga madzi ambiri. Umasefukira msanga.

Tonse tikukumbukira madzi a mu Januwale 2015. Tikukumbukira namondwe wa Idai mu Malichi 2019. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anadula msewu wa M1 ndi kuononga damu la Kapichira, mwakuti makina a magetsi kumeneko anaima nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600 m'chigawo cha kumwera. Sitikunena kuti njerwa ndizo zinaitana anamondwe. Ayi. Tikunena kuti dziko lopanda mitengo limavulala kwambiri mvula yotere ikabwera.

N'chifukwa chake mu 2018 boma linakhazikitsa malamulo, kudzera m'bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga lomwe pa nthawiyo linkatchedwa NCIC. Malamulowo analetsa kugwiritsa ntchito njerwa zootcha ndi nkhuni pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda. Inu ndi ine, pomanga nyumba zathu za kumudzi, tingathe kutengerapo nzeru.

3. Yambani ndi malo

M'mera mpoyamba. Musanagule ngakhale msomali umodzi, sankhani malo abwino. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Funsani agogo a m'mudzimo kuti madzi anafika pati m'zaka za chigumula. Yang'anani zizindikiro pa mitengo ndi pa makoma akale. Ngati malowo anamira kale, adzamiranso. Kambiranani ndi amfumu kuti akupatseni malo okwera.

Kenaka yang'anani dothi. Kuno ku Ngabu kuli dothi lambiri lakuda la makande. Thonje ndi mapira zimalikonda, koma nyumba sililikonda. Makande akanyowa amatupa. Akauma amachita ming'alu yoti phazi la mwana n'kulowamo. Kutupa ndi kufwafwanyika kumeneku kumakankha maziko chaka ndi chaka, mpaka khoma ling'aluke.

Ngati palibe kothawira makande, chitani izi. Kumbani maziko mozama, mpaka mupitirire pamene ming'alu imalekezera. Thirani mchenga pansi pa ngalandeyo ndi kutsindira. Mangani maziko ndi miyala kapena mabuloko a simenti, pogwiritsa ntchito matope a simenti, osati a dothi. Kwezani mazikowo kufika m'mawondo, ndiye kuti masentimita 50 kapena kupitirira. Pamwamba pake yalani pulasitiki wakuda wokhuthala musanayambe khoma. Pulasitikiyu amaletsa chinyezi kukwera. Pomaliza unjikani dothi kuzungulira nyumba, motsetsereka, kuti madzi azithawira kutali.

Ngati muli ndi matumba ochepa a simenti, athereni pa maziko. Pamenepo ndi pamene nyumba imayambira kugwa.

4. Khoma losafuna moto

Pali njira zitatu zomangira khoma popanda kuotcha kanthu.

Njira yoyamba ndi zidina. Izi ndi njerwa zoumba m'chikombole ndi kuyanika. Anthu ena amazinyoza, amati n'zaumphawi. Koma chidina choumbidwa bwino chimakhala zaka zambiri. Mdani wake ndi mmodzi, ndiye madzi: ochokera pansi ndi ochokera kumwamba. Mukachikweza pa maziko a simenti ndi kuchiphimba ndi denga lotuluka kunja, mwachiteteza. Musaumbe ndi makande okhaokha, zidzasweka. Sakanizani ndi mchenga ndi udzu wodula. Yanikani pa mthunzi masiku oyamba, kuti zisaume mofulumira.

Njira yachiwiri ndi mdindo. Mumaika matabwa mbali ziwiri, kuthira dothi lonyowa pang'ono pakati, ndi kutsindira ndi chipika mpaka lilimbe. Makolo athu m'madera ambiri a dziko lino ankamanga chotere.

Njira yachitatu ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikiza m'makina a pamanja. Amisiri amazitcha SSB. Makina oyamba otchuka a mtundu uwu anapangidwa ku Colombia m'zaka za m'ma 1950, ndipo dzina lake ndi CINVA-Ram. Safuna magetsi kapena mafuta. Amafuna manja basi. Njerwa zake zimatuluka zosalala ndi zofanana, choncho sizidya matope ambiri pomanga. Zina zimakhala ndi mano olowana. Sukulu zingapo m'dziko muno zinamangidwa ndi njerwa zoterezi. Kapangidwe kake ndi aka:

Choyamba, yesani dothi. Chotsani dothi lapamwamba la m'munda, mutenge la pansi pake. Thirani m'botolo loonekera mpaka theka. Onjezani madzi ndi kamchere pang'ono. Khutchumulani kwambiri, muliike pansi mpaka mawa. Mchenga udzakhala pansi, dothi losalala pakati, dongo pamwamba. Dothi labwino ndi limene mchenga wake ukuposa theka, koma dongo lilimo ndithu logwiritsa. Dongo likachuluka, onjezani mchenga wa kumtsinje.

Chachiwiri, sefani dothilo kuti muchotse miyala ndi mizu.

Chachitatu, yezani ndi chidebe chimodzi chomwecho. Kawirikawiri chidebe 1 cha simenti chimalowa pa zidebe 12 mpaka 18 za dothi, malinga ndi mtundu wa dothilo. Mmisiri wodziwa akuuzeni muyezo woyenera dothi lanu. Sakanizani zili zouma mpaka mtundu ufanane.

Chachinayi, wazani madzi pang'onopang'ono. Fumbatani kampira ka dothi, mukagwetse kuchokera m'chiuno. Kakangophwatalala, madzi achuluka. Kakamwazika ngati ufa, madzi achepa. Kakasweka zidutswa zowerengeka, mwakhoza. Musakanize zochuluka nthawi imodzi, chifukwa simenti ikanyowa siidikira munthu.

Chachisanu, panikizani m'makina, munyamule njerwayo mosamala, muiike pa mthunzi.

Chachisanu ndi chimodzi, phimbani ndi pulasitiki kapena udzu. Wazani madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Mudikire masiku 28 musanamangire. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Simenti imalimba ndi chinyezi, osati ndi dzuwa. Mukaziyanika pa dzuwa la Ngabu tsiku lomwelo, mwataya ndalama zanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tinene zoona. Simenti nayo amaiotcha ku fakitale, ndipo ndi yokwera mtengo. Koma mu njerwa izi imalowa yochepa, ndipo palibe mtengo wa m'mudzi mwanu umene umagwa.

5. Nyumba iyang'ane kuti?

Iyi ndi nzeru yaulere. Siifuna tambala iliyonse. Ambiri timayang'anitsa nyumba ku msewu, osaganiza za dzuwa. Inu chitani mosiyana. Imani pamalopo m'mawa, muone kumene dzuwa likutulukira. Bweraninso madzulo, muone kumene likulowera. Khomani zikhomo.

Makoma aafupi a nyumba ayang'ane kum'mawa ndi kumadzulo. Makoma aatali, okhala ndi zitseko ndi mawindo, ayang'ane kumpoto ndi kumwera. Mukatero dzuwa liziyenda motsata msana wa denga, ndipo lizipeza khoma laling'ono loti liombe.

Chipinda chogona musachiike kumadzulo. Kumeneko ikani chipinda chosungira katundu, kapena khonde. Khoma la dothi limachedwa kutentha, n'chifukwa chake masana m'nyumba yotere mumazizira. Koma limachedwanso kuzizira. Likamwa dzuwa la madzulo, lidzakubwezerani usiku. Choncho khoma liyenera kukhala pa mthunzi.

6. Denga

Denga ndilo limalandira dzuwa lambiri kuposa mbali ina iliyonse ya nyumba.

Denga la udzu ndi lozizira kuposa la malata. Musalinyoze. Koma likhale lotsetsereka kwambiri ndi lofolera mokhuthala, kuti madzi asalowe. Vuto lake ndi moto, chiswe, ndi kufolera kawirikawiri.

Malata amakhalitsa, koma paokha ali ngati chiwaya pamutu panu. Mukasankha malata, chitani zinthu zinayi izi.

Kwezani khoma. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba. Denga likakhala pafupi ndi mutu, mumaupuma inuyo. Onjezani mizere iwiri kapena itatu ya njerwa.

Ikani siling'i. Simufunika kugula ya kusitolo. Bango la m'mbali mwa Shire, mphasa, nsungwi kapena mikeka zimagwira ntchito. Siling'i imatchinga moto wa malata kuti usafike pa inu. Pakati pa siling'i ndi malata siyani mpata, ndi timabowo kumbali ziwiri, kuti mpweya wotentha uzituluka. Timabowoto mutseke ndi sefa wa waya, kuopa mileme ndi makoswe.

Pakani penti yoyera pamwamba pa malata. Tayesani izi: ikani mbale yoyera ndi poto wakuda pa dzuwa, mubwere patapita ola limodzi, mugwire. Chakuda chimamwa dzuwa, choyera chimalibweza. Malata a dzimbiri ndi a penti yakuda amatentha kwambiri. Makoma akunja nawo apakeni laimu.

Tulutsani denga kunja kwa khoma masentimita 60 kapena kupitirira, mbali zonse. Khonde lozungulira nyumba, lija ankamanga makolo athu, silinali lokongoletsa chabe. Linkapereka mthunzi ku khoma ndi kuliteteza ku mvula.

Koma chenjerani ndi mphepo. Denga lotuluka kunja likapanda kumangidwa bwino, mphepo imalinyamula. Mangani mapaso ndi waya wolimba, ndipo wayayo alowe m'khoma mizere ingapo pansi. Kusanjika miyala pamwamba pa malata si kumanga. Denga la mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri. Ngati mungathe, zungulizani lamba wa konkire ndi zitsulo pamwamba pa mawindo, kuti makoma onse agwirane. Chivomezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 chitachitika, boma linatulutsa buku la malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Funsani ku ofesi ya DC kapena kwa alangizi kuti akufotokozereni.

7. Mphepo ilowe, udzudzu utsale kunja

Nyumba zambiri m'midzi yathu zili ndi tiwindo tating'ono, ndipo tina tinatsekedwa ndi njerwa. Mpweya ukalowa ulibe potulukira. Windo limodzi silikwanira. Ikani mawindo moyang'anana, lina kumpoto lina kumwera, kuti mphepo izidutsa. Onani kumene mphepo imakonda kuchokera kwanuko m'miyezi yotentha, muitsegulire njira. Pamwamba pa khoma ikani timabowo totulutsira mpweya wotentha.

Masana dzuwa likakula, tsekani mawindo a mbali imene kukuchokera dzuwa. Usiku kunja kukazizira, tsegulani, kuti makoma apole.

Mwina mufunsa kuti, "Nanga udzudzu?" Funso labwino. Udzudzu wa malungo umakonda kulowera pa mpata wa pakati pa khoma ndi denga. Pa ntchito yolimbana ndi malungo m'midzi yozungulira Majete, konkuno ku Chikwawa, anthu anaphunzitsidwa kutseka mipata imeneyi ndi kuika sefa wa waya pa mawindo. Inunso teroni. Tsekani mpata wa pamwamba pa khoma la chipinda, koma windo lililonse ndi kabowo kalikonse kakhale ndi sefa. Mukatseka mipata popanda kutsegula mawindo, mwamanga uvuni. Mukatsegula mawindo popanda sefa, mwaitana malungo. Ziwirizi ziyendere limodzi. Ndipo musasiye kugona m'masikito.

Mawindo aakulu ali ndi phindu linanso. Masana m'nyumba mumawala, mwana angathe kuwerenga osayatsa nyali. Za usiku, kanyali ka sola kamakupulumutsani ku ndalama za mabatire ndi makandulo.

8. Mitengo ya pakhomo

Mtengo umatchinga dzuwa lisanafike pa nyumba. Dzalani mitengo kumadzulo ndi kum'mawa. Kwathu kuno nimu amakula bwino ndipo sataya masamba onse m'chilimwe. Bwemba, mango ndi masawu amapereka mthunzi ndi zipatso. Chamwamba chimakula msanga ndipo masamba ake ndi ndiwo. Msangu ndi wodabwitsa: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, ndi kuphuka nthawi ya chilimwe, pamene mthunzi ukufunika. Koma umakula kwambiri, choncho malo ake ndi kumunda kapena kumalire a bwalo.

Pa makande musadzale mtengo pafupi ndi khoma. Mizu imamwa madzi a m'dothi, dothi limafwafwanyika, khoma n'kung'aluka. Siyani mamita 5 kapena kupitirira, ndipo mitengo ikuluikulu ikhale patali koposa apo. Tchingirani mbande ndi minga, chifukwa mbuzi za kuno sizichita manyazi.

Kuyambira mu 1976 dziko lino lakhala ndi mwambo wodzala mitengo chaka ndi chaka. Nyengo yake imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo. Dzalani mitengo musanayambe kumanga. Pamene nyumba ikutha, mthunzi udzakhala utayamba.

9. Khitchini

Moto wophikira ndi dzuwa lachiwiri. Mangani khitchini padera, mbali imene mphepo imapita, kuti utsi ndi kutentha zisalowe m'nyumba yogona. Ikhale ndi mipata yotulutsira utsi. Utsi umaononga maso ndi chifuwa cha amayi ndi ana.

Mafuwa atatu amataya moto mbali zonse. Mbaula ya dongo, monga chitetezo mbaula, imasonkhanitsa moto pansi pa poto, ndipo nkhuni zimalowa zochepa. Mu 2013 boma linalonjeza kuti mbaula zosunga nkhuni zokwana 2 miliyoni zifike m'makomo pofika 2020. Amayi ambiri anaphunzira kuziumba okha. Mapesi a nandolo ndi zitsononkho zimayaka bwino mmenemo.

Ngati denga ndi la malata, ikani ngalande m'mphepete mwake, madzi amvula azigwera mu diramu lovundikira. Mwapeza madzi ochapira, ndiponso mwateteza maziko.

10. Zinachitika kwa anzathu

Ku Burkina Faso, dziko lotentha ngati kwathu kuno, kuli mudzi wotchedwa Gando. Mwana wa m'mudzimo, Francis Kéré, anakaphunzira za mapulani a nyumba ku Germany. Anakumbukira mmene ankavutikira ndi kutentha m'kalasi ali mwana. Anabwerera kwawo, ndipo pamodzi ndi anthu a m'mudzimo anamanga sukulu imene inatha mu 2001. Makoma ake ndi a njerwa za dothi zopanikiza. Siling'i yake ndi ya njerwa zokhala ndi mipata. Malata ali pamwamba, otalikirana ndi siling'i, ndipo atuluka kunja kwambiri. Mphepo imalowa pa mawindo, mpweya wotentha umatulukira kumwamba. Mu 2022 bamboyu analandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi yaikulu pa dziko lonse pa ntchito imeneyi. Anali munthu woyamba wa mu Africa kuilandira.

Taonani, zonse zimene anachita mwaziwerenga kale m'phunziro lino. Dothi si chizindikiro cha umphawi. Chofunika ndi nzeru ya kamangidwe.

11. Nanga amene anamanga kale?

Musagwetse nyumba yanu. Yambani ndi zimene mungathe chaka chino. Dzalani mitengo iwiri kumadzulo. Mangani chisakasa cha udzu kapena khonde mbali yomweyo. Ikani siling'i ya mphasa m'chipinda chogona ana. Pakani laimu kunja. Tsegulani windo lija munatseka, muikepo sefa. Mukagulitsa thonje kapena mbuzi, gulani penti yoyera ya malata. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Makina a njerwa ndi okwera mtengo kwa munthu mmodzi. Koma mutu umodzi susenza denga. Kalasi lanu, banki ya m'mudzi kapena kalabu ya alimi ingathe kusonkha ndi kugula kapena kubwereka makina amodzi. Mwezi uno muumbira uyu, mwezi wamawa uyo. Achinyamata akaphunzira, apezanso ntchito. Pa Ngabu pali likulu la zaulimi la Shire Valley ADD, ndipo alangizi a zaulimi, a zankhalango ndi a chitukuko ali pafupi nanu. Afunseni za mbande ndi za amisiri odziwa. Safunsa anadya phula.

Kumbukirani

Malo okwera, maziko ofika m'mawondo.
Makoma aafupi kum'mawa ndi kumadzulo.
Njerwa zosaotcha, zotetezedwa ku madzi.
Denga lokwera, loyera, la siling'i, lomangidwa ndi waya.
Mawindo oyang'anana, onse a sefa.
Mitengo pabwalo, khitchini padera.

Mafunso

1. Tchulani njira zitatu zimene dzuwa limalowera m'nyumba.
2. Chifukwa chiyani dothi la makande limang'alula khoma?
3. Kodi njerwa za SSB zimathiriridwa masiku angati? Nanga zimamangidwa patapita masiku angati?
4. Mungatani kuti mphepo ilowe m'nyumba koma udzudzu usalowe?
5. Malamulo a mu 2018 analetsa chiyani?

Masamu

1. Mmisiri wakuuzani kuti muthire chidebe 1 cha simenti pa zidebe 15 za dothi. Muli ndi zidebe 4 za simenti. Mukufunika zidebe zingati za dothi?
2. Tiyerekeze kuti thumba limodzi la simenti likukupatsani njerwa 100. Nyumba yanu ikufuna njerwa 2,500. Mugula matumba angati?
3. Mwaumba njerwa pa 2 Juni. Mudzayamba kumangira pa tsiku liti?

Zochita

Sabata ino pitani ndi anzanu a m'kalasi ku nyumba ziwiri za m'mudzi mwanu nthawi ya 3 koloko masana, ina ya udzu ina ya malata. Pemphani eni ake kuti mulowe. Gwirani khoma la kumadzulo ndi la kumwera. Yang'anani denga, mawindo ndi mitengo. Lembani m'kope mwanu zimene mwapeza. Kenaka aliyense abwere ndi botolo la dothi la pakhomo pake, kuti mudzaliyese pamodzi pa phunziro lotsatira.